Za Pamtondo Zapita ku Lusaka

Ndagi, inu mwakhala apo! Kanyama kanga kali ndi maso awiri ozungulira. Msipu sikadya, madzi sikamwa, kamangomeza mawu a anthu. Ukakadina pamphuno kamasanza zonse, za abusa ndi za apongozi pamodzi, kopanda ndi manyazi omwe. Kanyama kanji? Mwagonja? Ng'ombe yolipira sungani, kuchigwa kuno kashembe angaimalize isanazolowere khola. Kanyamako ndi tepi, kawailesi kojambula mawu. Kanafika ku Mnkhanya m'chilimwe cha 1998, m'chikwama cha mayi wina wa kuwailesi ku Lusaka, dzina lake Nasilele.

Mayi Nasilele anali ndi pologalamu ya Chinyanja ya amayi akumidzi, Lachitatu lililonse dzuwa likapendeka. Kachitidwe kake kanali kotere: ankasiya tepi kugulu la amayi, amayiwo n'kujambula okha zimene zikuwawawa, n'kutumiza kaseti ku Lusaka. Iye ankanyamula kasetiyo kupita nayo kwa bwana woyenera, kumukhazika pansi kuti amve, bwanayo n'kuyankha dziko lonse likumvetsera.

"Ine utolankhani ndinaphunzira," anatero atasonkhanitsa amayi patsinde pa bwemba, "koma madzi a m'Lupande sindimwa. Amene amamwa ndiye alankhule."

Ndipo anaika tepiyo m'manja mwa wapampando wa gululo, Rosemary, amake Aida.

Rosemary sanafunikire kuganiza za chimene angalankhule. Chaka chimenecho zitsime za mumchenga zinauma msanga, zotsala njovu zinapondaponda, ndipo mudzi wonse unkatunga padziwe limodzi la mtsinje wa Lupande. Dziwelo linali ndi mwini. Tsiku lina mwiniyo anatulutsa mutu n'kugwira mwendo wa Aida, mwana wake wamkulu wa Rosemary, mayi wa khanda loyamwa. Rosemary anailasa ng'onayo m'diso ndi mtengo wosongoka, amayi ena akukoka Aida m'khwapa, mpaka inataya. Aida anapulumuka, koma mwendowo unabwera wosakwanira, ndipo ankayenda ndi ndodo. M'mawa mwake amayi anabwereranso kudziwe lomwelo, chifukwa ludzu silipita kumaliro. Rosemary ankafuna mjigo. Makalata anali atalembedwa kale ambiri, onse anakagona kumene amagona makalata. Tsopano panali kanyama kotha kunyamula mawu ake enieni mpaka m'khutu mwa bwana wa madzi.

Madzulo ake anakhala pakhonde, kanyamako kali pamiyendo, akukayang'ana ngati mwana wa eni amene wakusiyira osakuuza chimene amadya. Mayi Nasilele anaonetsa ndithu podina, koma anaonetsa mothamanga, diso lili kundege ya ku Mfuwe yomubwezera ku Lusaka. Mabataniwo anali ondondozana ngati mano a mbuzi, lililonse ndi Chizungu chake.

"Mwaswera bwanji, alamu?"

Anali Langford Njobvu, mwamuna wa Queen, mng'ono wake wa Rosemary. Langford anagwirapo ntchito yoperekera zakudya kuloji ina ya alendo oona nyama ku Chinzombo, mpaka anamupatsa chimene iye ankachitcha tchuthi, ngakhale tchuthicho chinali chitalowa chaka chachitatu. Kumeneko anabwerako ndi taye yakuda, njinga, ndi Chizungu chofunsira ngati munthu akufuna tiyi kapena khofi.

"Taswera, alamu, kaya inu."

"Ichi musachiseweretse," anatero Langford, atagwada kale pambali pake. "Chimafuna munthu wa Chizungu. Mukadina polakwika, ku Lusaka magetsi amazima."

"Inu alamu, bodza lina muzisiyako la mawa."

"Chabwino, dinani."

Rosemary anatambasula chala, n'kuchibweza. Langford anaseka mwaulemu, kuseka kwa kuloji.

"Ine ndikhala wodina chabe. Olankhula ndinu. Ndikachigone nacho usiku uno kuti tizolowerane."

Anazolowerana ndithu. Kutacha, tepi inali italendewera pachifuwa cha Langford ndi lamba wa chubu cha njinga, taye ili pamwamba pake. Sabata isanathe anthu anali atasiya kumutchula dzina, ankangoti a Lipota. Ankaima pachigayo, n'kutsokomola, n'kunena kuti "Testing, wanu thuu, wanu thuu," ana a sukulu ali mbwee pambuyo pake. Anajambula tambala wa kwa abusa. Anajambula mlandu wa mbuzi imene inadya sopo. Anafunsa mkulu wina woyendetsa bwato maganizo ake pa za mtengo wa feteleza, mkuluyo n'kuyankha kuti nsomba sizidya feteleza, Langford n'kufufuta. Koma kwambiri ankadzijambula yekha. Ankalowa m'nyumba, kutseka chitseko, kulankhula, kumvetsera, kufufuta, kuyambanso. Mabatire akafooka ankawayanika padenga kuti dzuwa liwabwezere mphamvu, ngati ndi nsomba.

Rosemary akafunsa, yankho linali limodzi.

"Mawa, alamu. Panopa tikukonza pulani."

Mawa wa Langford anali ndi abale ambiri. Koma mitambo inayamba kusonkhana kumapiri a Muchinga, nyenje zikulira kosalekeza, ndipo aliyense wa kuchigwa amadziwa tanthauzo lake. Mvula ikagwa, maloji amatseka, msewu wa ku Jumbe umasanduka phala, ndipo Mnkhanya amatsala yekha ndi udzudzu wake. Cosmas, dalaivala wa lole ya kuloji, anali atavomera kutengera kasetiyo ku Chipata kukaikweza basi ya ku Lusaka. Anatumiza mawu akuti ulendo wotsiriza ndi Lachisanu, adutsa fifitini awazi, 3 koloko masana, ndipo saima.

Lachisanu m'mawa Rosemary anamanga chitenje molimba n'kupita kwa mng'ono wake. Anapeza Queen akusesa pabwalo ndi nkhope ya munthu amene sanagone bwino kwa masiku angapo.

"Alimo?"

"Alimo, achemwali. Akuwerenga nkhani."

Langford anatuluka akumwetulira.

"Alamu, mwafika nthawi yabwino. Zonse zatha. Ndakulankhulirani."

"Mwatilankhulira?"

"Inu amayi mukayamba nkhani mumayambira kwa agogo. Wailesi imafuna mapointi. Namba wanu, namba thuu. Khalani apa mumve."

Anadina. Kanyamako kanazunguza maso ake, n'kuyamba kusanza: "Kuno ndi ku Mnkhanya, m'chigwa cha Luangwa. Wokulankhulani ndine mtolankhani wanu, Langford Njobvu." Pointi namba wanu inali mbiri ya Langford, kuyambira mzungu wa ku Germany amene anamuuza kuti mawu ake ndi apawailesi. Namba thuu inali yoti mtolankhani wa kuchigwa amafunika njinga yamoto. Namba filii inali ya ng'ona. Rosemary anamva mmene Langford, ali padziwe kutsuka njinga, anamvera kukuwa, n'kudumphira m'madzi ndi pampu m'manja, n'kuimenya ng'onayo pakati pa maso mpaka inapempha chikhululuko. Kumapeto, mawu atayamba kukhuthala ndi kukokeka ngati a munthu wolankhulira mumgolo, anamva kuti, "Komanso amayi akuti madzi akuvutako pang'ono."

"Mwamva besi imeneyo?" anafunsa Langford. "Ku Lusaka kulibe wa besi yotere."

Langford analipodi padziwe tsiku lija, ndipo amayi onse amene analipo ankadziwa chimene anachita. Anasunga nkhaniyo pansi pa chitenje chifukwa cha Queen, pakuti mwamuna akachita manyazi, amene amayenda chowerama kuchigayo ndi mkazi. Amuna a m'mudzi ankadziwa za pampu zokha.

"Alamu," anatero Rosemary motsitsa, "pampu ija munaiponya muli kuti? Popeza ife tinangoona fumbi."

Langford anacheuka uku ndi uku.

"Nkhani ya pawailesi imakonzedwa, alamu. Ife timati editing."

"Akulu ananena, kandimverere anakanena za m'maluwa. Mwana wanga akuyenda ndi ndodo, inu mukuti pang'ono? Fufutani. Tilankhule ife eni ake."

"Kufufuta? Ntchito ya masabata onsewa?" Anakumbatira tepiyo. Kenaka, poona maso a mlamu wake, anafewako. "Kumbuyo kwa kaseti kwatsala kamchira. Ku Lusaka amakonda kotsekera kachikhalidwe. Mungaimbe kanyimbo kamodzi. Koma nyimbo, alamu, osati msonkhano."

Anadina kuti aonetse kamchirako. Maso a kanyama anazungulira kamodzi, mwaulesi, n'kuima. Anatulutsa mabatire, kuwaluma, kuwagudubuza m'manja, kuwabwezera. Zii.

"Basi," anatero Langford, mosadandaula kwenikweni. "Mulungu wakana. Zofunika zalowa kale."

Rosemary anatuluka n'kulunjika kukachipatala, dzuwa likuotcha mchenga mpaka kudutsa m'mapatapata. Kugolosale kwa Barnabas mabatire anali atatha, akudikira lole yomweyo ya Cosmas. M'dera lonselo munthu amene anali ndi mabatire amoyo anali mmodzi: Sisita Emeldah, namwino wochokera ku Kasama, amene anasoka mwendo wa Aida.

"Bamayo, tochi iyi ndi ya azimayi obereka," anatero Sisita. "Mabatire ndaika dzulo."

"Ndikudziwa, mwanangu. Koma mukufuna kusokanso mwendo wina?"

Sisita Emeldah anamuyang'ana, n'kumasula tochiyo.

"Abwere dzuwa lisanalowe. Mwana akabwera usiku, ine sindimulandira ndi machesi."

Pobwerera, Rosemary ankayenda akulankhula yekha. Nyimbo, osati msonkhano. Chabwino. Kodi alamuwa anakulira kuti? Mkazi wa kuchigwa akakhala ndi mawu oti sanganene pamaso pa amuna, amawatsira mumtondo pamodzi ndi chimanga. Mkazi mnzake wamitala, apongozi aumbombo, mwamuna wobwera m'bandakucha, onse amasinjidwa pamenepo, mudzi wonse ukumva. Ndipo za pamtondo sizipita kubwalo la milandu. Munthu sungakasume kuti wandiimba. Akakufunsa, "Dzina lako lamveka?" Ngakhale litamveka, amakuuza kuti ndi nyimbo chabe.

Anaitana amayi a gulu. Anabwera ndi mitondo iwiri ndi minsi, natsira chimanga chonyowetsa choti akonole. Aida anabwera ndi ndodo yake n'kukhala pamphasa, khanda lili kubere. Queen anabwera pomalizira, n'kuima kumbuyo.

Langford anaika mabatire a Sisita, n'kukhazika tepi padengu lovundikira. Anayeza mtunda ndi mapazi. Anauza amayi kuti asatsokomole. Akadapitiriza kulangiza, koma kumthunzi wa mtengo wa mango, kumene amuna ankasewera nsolo, kunachokera mawu.

"A Lipota! Lero mukonola? Akupatseni chitenje!"

"Mupetenso, gaga mutisungire!"

Mwamuna wa ndevu zake saima pamtondo. Zimenezo ngakhale mtolankhani amazidziwa. Langford anadina mabatani awiri pamodzi, lofiira ndi loyandikana nalo, Rosemary akuyang'anitsitsa chala chake. Kenaka anawongola taye n'kupita kunsolo, kukafotokozera amuna kusiyana kwa wailesi ya Lusaka ndi ya ku London.

Minsi inayamba. Du, du. Du, du. Rosemary anatsogolera, amayi akuvomera.

"Ndikatunge kuti, amayi?"
"Kudziwe kuli mwini!"
"Bwana wa madzi amwa za mumpope,"
"Kudziwe kuli mwini!"
"Mwendo wa Aida watsala theka,"
"Kudziwe kuli mwini!"
"Mjigo wathu wagona kuti?"
"Kudziwe kuli mwini!"
"Bwana, bwerani mudzatunge nokha,"
"Kudziwe kuli mwini!"

Rosemary anatchulanso dzina la mudzi, la dziwe, ndi la mtsikana wina amene ng'ona inamutenga zaka zapitazo osabweza ngakhale chitenje. Aida naye anaimba mzere wake ali chikhalire. Amuna kunsolo ankamva kugunda kwa minsi kokha, monga amamvera masiku onse, osatchera khutu. Ndani amamvetsera mtondo wa pamudzi pake?

Rosemary anapumira, thukuta lili chuchuchu, n'kuona kuti maso a kanyama akuzungulirabe. Anafuna kunena kuti basi. Koma munsi wake unalandidwa. Anali Queen. Queen, amene anamva nkhani ya pampu usiku ndi usana kwa masabata, ikukula tsiku lililonse, ng'ona ikutalika, madzi akuzama. Analavulira m'manja, n'kugwetsa munsi mumtondo mwamphamvu mpaka chimanga chinadumpha.

"Mwamuna wanga ndi ngwazi, amayi,"

Amayi anayang'anana. Queen anadzivomera yekha: "Anasenza njinga!"

Ulendo wachiwiri onse analowa.

"Ng'ona ili kumadzi, iye ali kumsewu,"
"Anasenza njinga!"
"Njinga ndi yokwera, anthuni,"
"Anasenza njinga!"
"Nsapato anataya, pampu anaiwala,"
"Anasenza njinga!"
"A Langford anga, tsitsani mupume,"
"Anasenza njinga!"

Zinalidi choncho. Tsiku lija mantha anamuiwalitsa Langford kuti njinga ili ndi mapedulo. Anaiika paphewa n'kuthamanga nayo mpaka kumsewu.

"Iwe Queen," ananong'ona Rosemary, "dzina walitchula."

"Ndi nyimbo chabe, achemwali."

Kanyama kanati kha, n'kuima. Nthawi yomweyo hutala ya lole inalira kumsewu. Langford anathamanga kuchokera kunsolo, kutulutsa kaseti, kuikulunga m'pepala la shuga, n'kulembapo dzina lake ndi zilembo zazikulu. Yomvetsera nthawi panalibe. Anaipereka kwa Cosmas lole ikuyenda, n'kufuula kuti, "Muwauze kuti njinga yamoto ikhale yofiira!" Rosemary anachotsa mabatire n'kuthamangira nawo kwa Sisita.

Mvula inagwa patapita masiku ochepa, ndipo inagwa ngati ili ndi mangawa. Dziwe linadzaza n'kulumikizana ndi mtsinje, mwini wake n'kupeza malo ambiri obisalamo. Amayi ankatchera madzi a padenga, koma dzuwa likawala masiku awiri ankabwerera kumtsinje, mmodzi akutunga, wina ataima ndi mtengo. Lachitatu lililonse Rosemary ankapita kugolosale kwa Barnabas, kumene kunali wailesi yaikulu. Anamva amayi a ku Petauke akudandaula za mlatho. Anamva a ku Lundazi za mbewu. Za Mnkhanya, zii. Anayamba kuganiza kuti mwina Mayi Nasilele anamvera mbiri ya Langford mpaka kugona, osafika kukamchira. Kapena anafika, n'kuona kuti ndi nyimbo chabe.

Langford yekha ndiye sankakayika. Ankauza anthu kuti kuchedwako ndi chifukwa akuluakulu akukambirana za udindo woti amupatse.

Kenaka Lachitatu lina, pomaliza pologalamu, Mayi Nasilele anati, "Sabata yamawa tidzakhala ku Mnkhanya."

Langford anazungulira midzi yonse kuitana anthu. Anaitana aphunzitsi, asikauti a zanyama, abusa, Sisita Emeldah, ngakhale mkulu wa bwato uja. Tsikulo mvula inagwa kuyambira m'mawa n'kukata masana, dothi lakuda la kuchigwa lili nyatenyate. Pofika seventini awazi pakhonde pa Barnabas panalibe poponda. Amuna anakhala pamabenchi, amayi pamphasa chapatali pang'ono. Langford anafika pa njinga yotsukidwa, ataipalasa mosamala m'mbali mwa udzu, n'kuiimika poonekera. Anakhala pampando wa Barnabas mwini, pafupi ndi wailesi, tepi ili pachifuwa, muli kaseti yatsopano ndi mabatire atsopano, zimene Cosmas anabwera nazo pobwerera ku Chipata. Anati akufuna kudzijambula kuti ana ake adzamve.

"Aliyense chete," anatero. "Amene ali ndi chifuwa atsokomoleretu."

Ng'oma ya pologalamu inalira. Mayi Nasilele anapereka moni.

"Omvera athu, kaseti ya ku Mnkhanya inayamba ndi bambo wina amene analankhula nthawi yaitali ndithu. Pepani, zikuoneka kuti mabatire awo anali atatopa pojambula. Tayesetsa, koma tamvani nokha."

Paja mabatire akafooka, kaseti imayenda pang'onopang'ono ngati munthu wodwala malungo. Langford ankajambula ndi mabatire ofooka, n'kumvetsera ndi omwewo, n'kumamva besi. Koma makina a ku Lusaka amadya magetsi, sadziwa kutopa. Anaithamangitsa kasetiyo paliwiro lake lenileni.

M'wailesi munatuluka kamawu. Kanali kakang'ono, kothamanga, kotswiitswii, ngati mbewa yopanidwa ndi diwa ikuyesa kulalikira. "Kunondikumnkhanya, wokulankhulanindinemtolankhaniwanu, Langfordnjobvu!" Dzina lokha ndi limene linamveka bwinobwino. Kambewako kanapitiriza kulongolola, penapake n'kumveka "pampu," penapake "ng'ona."

Mwana wina anayamba kuseka, amake n'kumutsina. Mphunzitsi wamkulu anayang'ana kudenga, masaya akunjenjemera. Mkulu wa bwato anafunsa mokweza, chifukwa anali wogontha pang'ono, "Kodi ndi changa chimenecho? Achigwira bwanji?"

Pamenepo pakhonde panaphulika.

"Si ine ameneyo!" anakuwa Langford. "Ndi nsanje! Asintha mawaya!"

"Koma kumapeto kwa kasetiyo," anapitiriza Mayi Nasilele, "tinapeza chimene tinatuma."

Du, du. Du, du. Mawu a Rosemary anatuluka oyera ngati waima pomwepo. Kuseka kunazima. Amuna amene anamva mtondo moyo wawo wonse osaumvetsera, tsopano anaumvetsera chifukwa wachokera ku Lusaka. Dzina la mtsikana wotengedwa ndi ng'ona litamveka, amake anaphimba nkhope ndi chitenje. Aida anamva mawu ake omwe, n'kugwira pakamwa.

"Nyimboyi tinapita nayo kwa bwana woona za madzi m'chigawo cha Kummawa," anatero Mayi Nasilele. "Anaimvera kawiri. Nali yankho lawo."

Rosemary anadzuka pamphasa. Anadutsa pakati pa mabenchi a amuna osawerama, n'kufika pamene panali mlamu wake, amene anali atangoti kakasi. Anavula lamba wa chubu m'khosi mwake monga umavulira mwana malaya, n'kuika tepi kukamwa kwa wailesi. Anadina lofiira ndi loyandikana nalo. Ku Lusaka magetsi sanazime.

Bwanayo anayamba ndi kutsokomola. Anati boma likudziwa. Anati vuto ndi misewu. Mayi Nasilele anamufunsa ngati alandira kuitana kwa amayi koti akatunge yekha. Bwanayo anaseka kuseka kopanda mano, n'kunena kuti makina okumbira ali ku Jumbe, ndipo mvula ikangokata, malo oyamba ndi Mnkhanya.

"Mwati oyamba, bwana?"

"Oyamba."

"Amayi a ku Mnkhanya, mwamva nokha."

"Tamva," anatero Rosemary, akuyankha wailesi, "ndipo tasunga."

Ankadziwa kuti lonjezo la bwana ndi mtambo wa Okutobala, utha kugwa, utha kupita. Koma ili linali m'mimba mwa kanyama kosadziwa manyazi, ndipo anali wokonzeka kukakasanzitsa pakhomo pa ofesi, mwezi ndi mwezi, mpaka bwanayo atatopa ndi mawu ake omwe.

Langford anali atayamba kutsitsimuka. Anaimirira, n'kukonza taye.

"Mwaona?" anauza amuna. "Pulani yanga inali imeneyo. Ndinawauza ine kuti imbani. Popanda ine..."

"Tisanatseke," inatero wailesi, "amayi a ku Mnkhanya anatipatsa ndime ina. Kuno kuofesi takhala tikuiimba sabata yonse. Tsalani nayo."

Du, du.

"Mwamuna wanga ndi ngwazi, amayi,"
"Anasenza njinga!"

Mitu yonse inatembenukira kwa Queen. Queen ankachotsa kachitsotso pachitenje chake, mwachifatse. Kenaka mitu inatembenukira kwa Langford. Pofika pa "nsapato anataya," Barnabas anali atagwira mimba, atatsamira chitseko. Msikauti wina anagwa pabenchi. Dzina litamveka, abusa okha ndi amene anayesa kudzigwira, koma kuseka kunawatulukira m'mphuno.

"A Lipota," anatero wina wa kunsolo, akupukuta misozi, "ndiye ng'ona ija munaimenya muli kumsewu? Pampu yanu ndi yaitali!"

"Ndikasuma!" anakuwa Langford, akuloza mkazi wake. "Dzina langa lamveka dziko lonse!"

"Mukasuma chiyani, atate ake Benson?" anafunsa Queen mwaulemu wonse. "Ndi nyimbo chabe."

Langford anatsika pakhonde, n'kudumphira pa njinga. Mkwiyo unamuiwalitsa njira ya m'mbali mwa udzu, analowa pakati penipeni pa msewu. Anapalasa kamodzi, kawiri. Dothi lakuda linakwera m'matayala, kudzaza m'madigadi, n'kugwira ngati phula. Njinga inaima nji. Anatsika, kukankha, osayenda. Anathyola kamtengo n'kuyamba kutokosa matope, akumva maso a mudzi wonse pamsana pake. Anakankhanso. Matayala anangokwekwereka.

Pakhonde panali chete wa anthu odikira.

Langford anayang'ana kumwamba, kumene mtambo wina unali kubwera. Anayang'ana njinga. Kenaka anawerama, n'kuiika paphewa.

Amayi sanachite kupangana. Manja anawomba pamodzi ngati minsi, amuna n'kulowa ndi besi yeniyeni, ndipo nyimboyo inamuperekeza mpaka anakhota kuseri kwa chigayo, nsapato imodzi itatsala m'matope.